Ola Logona ndi la Sukulu

Sukulu itasintha nthawi yolowera kuchoka seveni kupita eyiti koloko kuti ana azigona mokwanira, aphunzitsi aakulu, mayi wosakonda kubwereza mawu, adaitanitsa bambo wina, dalaivala wa basi. Mlonda anali atawauza kuti mwana wa bamboyo, mtsikana wa Fomu 4, amafika sikisi koloko n'kugona pa desiki.

Dalaivala adalowa mu ofesi chipewa chili m'manja, nayala patebulo kalata ya sukulu yolengeza za kusinthako.

"Bambo, mwana wanu akugona kusukulu."

"Zikomo kwambiri, mayi. Ndiye kuti akumvera."

"Sindikukuyamikani."

Bamboyo adaloza mzere wachitatu wa kalatayo n'kuwerenga pang'onopang'ono: sukulu yapereka ola limodzi loti ana agone.

"Ola la sukulu, mayi. Zinthu za sukulu sitipita nazo kunyumba. Chaka chatha adatengako buku, mudatiitana."

Aphunzitsi adavula magalasi. Adafotokoza kuti mutu wa mwana wa msinkhu umenewo umachedwa kudzuka, kuti mwana wosagona amakwiya msanga ndipo masamu samulowa, komanso kuti mayeso atsala miyezi itatu. Dalaivala ankagwedeza mutu mzere uliwonse ngati akulandira malangizo a njira.

"Choncho azigona kwanu, pabedi."

"Bedi sindingalinyamule, mayi. Pilo yekha ndiye ndidamugulira."

"Ndikuti musamudzutse!"

"Sindimudzutsa ine. Amamudzutsa ndi belu lanu."

Mayiwo adafunsa chifukwa chomubweretsera m'mamawa chotero. Bamboyo adati iye amanyamuka hafu faifi kukatenga basi, mayi a mwanayo amagwira ntchito kutali, ndipo sangasiye mtsikana yekha kuti ayende mtunda wonsewo. Mtima wa aphunzitsi udafewa pang'ono, koma lamulo adalilemba okha, ndipo sadafune kuti ligonjetsedwe ndi pilo.

"Kalasi si chipinda chogona. Akapezekanso mawa, ndimubweza kunyumba sabata yathunthu."

"Kuti akagone?"

"Kuti alangidwe."

"Ndiye ola lija likhala la ndani?"

Aphunzitsi adatenga makiyi n'kumuuza kuti awatsatire, akamudzutse yekha mwana wakeyo, nthawi isanakwane. Adadutsa pakhonde, nsapato zikugogoda simenti, natsegula chitseko cha Fomu 4.

Mtsikana uja anali pakona, tsaya pa pilo, ali m'tulo tofa nato. Pa desiki lakumbuyo panalinso mnyamata wamtali, juzi atafunda kumutu, akuliza mkonono. Aphunzitsi adaiyang'ana juziyo. Adaichapa okha Lamlungu, ndipo mwini wake amakwera nawo galimoto hafu faifi tsiku lililonse.

"Awa ndiye alibe ndi pilo yemwe," dalaivala adanong'ona mwachisoni. "Makolo enanu! Muwaitane nawonso, mayi, ndiwafotokozere."

Aphunzitsi adakoka chitseko mwakachetechete.

"Tsitsani mawu, bambo. Belu silinalire."