Nthenga ya nkhuku pamkono panga

Nkhaniyi sindinaiuzepo munthu wakunja kwa nyumba yanga. Ndine bambo wachikulire wa ku Liwaladzi, ndipo ndaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale.

Mwezi watha a mpingo tinapita ku Ngala kukaona gulu la anthu amene anadwalapo khate. Akakumana amaviika mapazi m'mabeseni, n'kupaka mafuta, kenako amaluka mikeka yogulitsa. Ine ndinapita mokakamizika. Matendawa ndimawaopa kuyambira ndili mnyamata, ndipo chifukwa chake chili pakati pa ine ndi Mulungu.

Ndinaima chapatali, koma mayi ena oduka zala anandiyang'anitsitsa dzanja.

"Bambo, apa munapsa liti?"

"Kaya. Mwina powamba nsomba."

"Simunamve kuwawa?"

Anandipinda malaya, n'kuona banga loyezuka limene ndakhala nalo pamkono. Anatola nthenga ya nkhuku, nati nditsinzine, ndinene ndikamva kuti andikhudza. Ndinadikira.

"Yambanitu, mayi."

"Ndayamba kalekale, bambo."

Ndinaganiza za adzukulu anga amene ndimadya nawo mbale imodzi. Mumtima ndinati chilango chandipeza.

Mayi aja anati, "Ine ndinabisa, zala n'kupita. Mankhwala alipo kuchipatala, ndipo amachiritsa. Inu zanu zikadalipo zonse."

Ndinabwerera kunyumba manja ali m'matumba, ndipo chakudya chinandikanika.

M'mawa mwake ndinawaonetsa mayi akunyumba banga lija. Sanathawe. Anangomanga chitenje, tinapita kumsewu kukadikira minibasi ya ku boma, kumene kuli chipatala.