Kamwana ka Nkhumba ka pa Foni

Ine, Gertrude Mailosi, wa zaka 47, wa ku Lirangwe, T/A Chigaru, mlimi wa nkhumba, ndikunena izi pa polisi ya Chileka.

Kuyambira Meyi chaka chino, a Justus, dokotala wa ziweto, amabwera ndi galimoto kudzatenga tiana ta nkhumba tobadwa kumene m'khola mwanga. Amati akafukufuku a m'tauni amachepetsera tiana ta nkhumbato mpweya kwa kanthawi, kenako n'kutiyesa mankhwala, pofuna kupeza chothandiza makanda obanika pobadwa amene pambuyo pake amakomoka n'kumagwedezeka. Nditawafunsitsa, ananditumizira vidiyo pa foni: kamwana ka nkhumba, mawaya kumutu, miyendo ikuphiriphitha.

Pakamwa panga sipasunga kanthu. Vidiyoyo ndinaonetsa mlamu wanga Naomi, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono Ackim, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kwathu woyembekezera saonetsedwa zoterezi, akuti mwana angatengere. Ndimadziwa, koma ndinaiwala basi.

Lachitatu pa 13 Ogasiti masana Naomi anachira mwana wamwamuna pakhomo, njinga yamoto imene tinaitana kuti imutengere kuchipatala isanafike. Mwana anachedwa kulira, milomo ili bii. Lachinayi cha m'ma 9 koloko m'mawa anayamba kugwedezeka dzanja ndi mwendo, maso atatembenuka. Nthawi yomweyo a Justus anafika kwanga. Nyumba yanga ndi ya Ackim zatalikirana mamita makumi atatu, ndiye ndinawakokera komweko. Ataona mwana anati, "Ine ndi wa ziweto, mayi, koma uyu akufunika chipatala chachikulu pompano. Kwerani."

Ackim anabwera ndi chikwanje, nazula kiyi wa galimoto, kuika m'thumba. Anati, "Achemwali, matenda a nkhumba zanu mwathira mwana wanga. Mukufuna nayenso akamuike mawaya?"

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe Ackim, ndinakubereka kumsana ine, bweretsa kiyiyo!" Ng'oo, osandimva. Analowa m'khola, natema nkhumba yaikazi katatu pakhosi, kenako tiana take tisanu ndi tiwiri, akuti zikafa matenda achoka. Ndinamugwira mkono, chikwanje chinandicheka chikhatho chakumanja. Nkhumba zonse zitafa, mwana anagwedezekanso, kachinayi. Apo ndiye ndinachita mantha, ndinaona ngati watisiya.

Naomi anatuluka akuyenda chogwira khoma. Anagwada pamaso pa mwamuna wake, mwana ali m'manja. Ackim anayang'ana mwanayo, naponya kiyi pansi. Nthawi inali 11:20.

Kuchipatala m'tauni tinafika 12 koloko itadutsa. Namwino anamuika mwana pa okisijeni, namubaya jakisoni, kugwedezeka kuja kunaleka. Anafunsa kuti zinayamba nthawi yanji. Nditamuuza, anati, "Nanga maola onsewa munali kuti?"

Ackim munamugwira dzulo lomwelo madzulo, anthu a m'mudzi atakuimbirani. Za nkhumba sindikudandaula, bwana, lembani zimenezo. Dzanjali lipola. Mchimwene wanga anachita zauchitsiru, koma vidiyo ija anaonetsa ndine, ndipo zikundiwawa.

Mwana akadali pa okisijeni, sakuyamwa. Dzina alibe, Naomi akuti adikira bambo ake adzamutche okha. Ndikupempha mumulole Ackim akamuone lero, ngakhale ndi unyolo m'manja. Za mawa adokotala sanatilonjeze.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Gertrude Mailosi
Chidindo cha chala chakumanzere, pakuti dzanja lamanja lili ndi bala
15 Ogasiti 2025