Ngolo Imene Inanyamula Amayi Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine Lameki Mbewe. Ambiri mumandidziwa ngati mmisiri wowotcherera zitsulo. Lero ndikufuna mudziwe kuti panali nthawi imene dzina la mmisirilo ndinkachita kuba.

Mayeso a Giredi 12 sanandiyendere bwino. Amayi anga, amene amalima kwathu ku Chiparamba, sanandinyoze. Anandiperekeza okha ku sukulu ya ntchito zamanja kuno ku Chipata. Zosankha zinalipo zambiri: ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, zamipope, kusoka, kukonza magalimoto. Ine ndinalembetsa zowotcherera. Sikuti ndinkazikonda ayi. Mzere wake ndiwo unali waufupi.

Ndinali wodzikuza, abale. Ndinkafuna ntchito ya tayi, yokhala mu ofesi. Kuvala ovololo kunkandichititsa manyazi. Aphunzitsi ankati ukawotcherera, utenge kanyundo, ugogode, uchotse khungwa lakuda limene limatsala pamwamba, kuti uone ngati chitsulo chagwiranadi. Ine ndinkaseka, n'kumati kumeneko n'kutaya nthawi. Patatha miyezi inayi ndinasiya sukulu osauza munthu, ndipo ndinalowerera mu kachasu. Kumudzi ndinkanena kuti maphunziro akuyenda bwino. Zitakwana zaka ziwiri ndinakawauza kuti ndamaliza. Amayi anandiphera nkhuku.

Anzanga a m'kalasi anamalizadi. Ena analembedwa ntchito ku migodi, ena m'makampani a zomanga. Mmodzi wa iwo, mtsikana wina dzina lake Esinati, anatsegula malo ake opangira zitseko ndi mawindo. Ankandimvera chisoni, n'kumandilola kugwiritsa ntchito makina ake ndikapeza kaganyu.

Tsiku lina amalume anga anabwera ndi chitsulo chokokera ngolo yawo, chija chimalumikiza ngolo ndi goli la ng'ombe. Chinali chitathyoka. Esinati kunalibe, ndipo ine ndinali nditalawa kale kachasu. Ndinangodonthezadontheza moto pamwamba, khungwa osachotsa, n'kupakapo penti wakuda. Chinkaoneka ngati chatsopano. Amalume anapita akuuza aliyense kuti mphwawo ndi mmisiri wa kusukulu. Tsiku lomwelo ndinawotchereranso geti la munthu wina.

Patapita masabata awiri, mwini geti uja analibweza litagwa. Esinati anatenga kanyundo n'kugogoda kamodzi pamene ndinawotcherera. Penti anasweka, khungwa linayoyoka. Pansi pake panali timabowo tokhatokha, ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Anachita kuthyola ndi manja.

Kenako anandiyang'ana. "Iwe Lameki, tsiku lija unawotchereranso chiyani?"

Ndinaimba foni kumudzi. Anayankha mlongo wanga. Anati amayi adzuka ndi malungo aakulu, amalume awagoneka m'ngolo, ndipo anyamuka kale kupita ku chipatala. Amalumewo foni analibe.

Njira imeneyo ndimaidziwa. Usanafike ku chipatala pali chitsikiro chachitali, chamiyala, chimene chimakathera pa mtsinje. Potsika, kulemera konse kwa ngolo kumatsamira pa chitsulo chija. Chikathyoka, ngolo imapita yokha mpaka kumadzi.

Esinati anaponya kanyundo m'thumba, analiza njinga yake yamoto, ine n'kukwera kumbuyo.

Sindinachitepo mantha ngati a tsiku limenelo. Dzuwa linkaswa mutu koma ine ndinkazizidwa. Tikaona anthu atasonkhana m'mbali mwa msewu, ndinkati basi zachitika. Tikafika pafupi n'kupeza ndi azimayi ali pa mjigo. Ndinkaona m'maganizo amayi anga ali pansi pa ngolo, chitenje chawo chili m'madzi. Ndinkadzifunsa kuti pamaliro ndikakhala pati, ine wowapha.

Zaka zitatu zinali zitadutsa ndisanapemphere. Mawu onse a pemphero anali atandithawa. Otsala anali atatu okha, ndipo ndinawabwereza njira yonse: Yesu, imitsani ngolo. Yesu, imitsani ngolo.

Tinaipeza itaima pansi pa mtengo wa mango, pamwamba penipeni pa chitsikiro. Amayi ndiwo anapempha kuti apumeko, chifukwa kugwedezeka kunkawachititsa nseru. Amalume anali atanyamula kale chikwapu kuti ayambe kutsika.

Ndinadumpha njinga isanaime bwino. "Amalume, musatsike! Tiwatsitse amayi!"

"Wapenga kodi, mphwanga?" anatero amalume. "Chitsulochi si unakonza wekha?"

Abale, kuthamanga konse kuja kunali kosavuta. Chovuta chinali kutsegula pakamwa pamenepo.

"Amalume, ine sindine mmisiri. Sukulu ndinasiya kalekale."

Tinawatsitsa amayi n'kuwagoneka pa chitenje, ng'ombe n'kuzimasula. Esinati anatulutsa kanyundo kaja, nandipatsa. "Gogoda wekha," anatero.

Nditagogoda koyamba, penti anasweka. Kachiwiri, khungwa linagwa. Kachitatu, chitsulo chinagwera m'fumbi chili pawiri.

Amalume anayang'ana chitsulo, anayang'ana kumtsinje, n'kukhala pansi manja ali kumutu. Ndinkayembekezera kuti amayi andikalipira kapena kunditemberera. Iwo anangondiyang'ana ndi maso ofooka, nati, "Nanga nkhuku ija ndinaphera chiyani, mwana wanga?"

Ndinagwada m'fumbimo n'kulira ngati khanda. Ndinaulula zonse, za sukulu, za kachasu, za bodza la zaka ziwiri. Pansi pa mtengo wa mango umenewo ndinamuuza Yesu kuti ndatopa ndi kubisa, anditenge mmene ndilili. Esinati anawanyamula amayi pa njinga, amalume atawamangirira kumsana kwake ndi chitenje. Anafika ku chipatala bwinobwino ndipo anachira.

Sindinena kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Kachasu ankandiitanabe, ndipo kangapo ndinachita kuthawira kuno ku tchalitchi kuti akulu a mpingo andipempherere. Kwa miyezi yambiri ndikaona ngolo mumsewu m'manja munkatuluka thukuta. Koma Ambuye anandigwira. Ndinabwerera ku sukulu ija, n'kuyambiranso poyambira, ndevu zili pachibwano, pakati pa ana a dzulodzuloli. Ankanditcha agogo. Ndinapirira mpaka ndinalandira satifiketi yeniyeni. Lero ndimagwira ntchito limodzi ndi Esinati, ndipo palibe chitsulo chimene ndimapaka penti mwini wake asanachigogode yekha.

Achinyamata amene muli muno, ntchito yamanja si chilango cha olephera. Kaya ndi magetsi, kaya kusoka, kaya mipope, pitani mukaphunzire. Koma mukamalize, chifukwa pa ntchito ya manja anu padzakwera munthu wamoyo.

Ndipo inu amene mwabwera lero mutapaka penti pamwamba pa bodza, ndikukupemphani, musadikire kufika pa chitsikiro. Bwerani kwa Yesu lero lino. Kugogoda kwake kumapweteka, ine ndikudziwa, koma amagogoda kuti akonze.

Amayi anga ali muno, pa benchi yachiwiri apo. Benchi imeneyo ndinawotcherera ndine chaka chatha. Sabata iliyonse, asanakhalepo, ankayamba aigogoda katatu ndi ndodo yawo. Lero ndimawayang'ana polowa. Angofika n'kukhalapo.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.