Ndinazula Fulashi Muli Mawu a Nabanda

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mukuwerenga mawu anowa. Ine ndine bambo wamasiye, mlimi wa fodya ndi mtedza cha kufupi ndi Kabudula. Yesero limene ndikufuna kukusimbirani ena aliona ngati laling'ono, chifukwa si matenda kapena njala. Ndinatsala pang'ono kutaya mawu a malemu mkazi wanga, a Nabanda, ndi dzanja langa lomwe.

A Nabanda ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi kumpingo kwathu. Asanayambe kudwala, mwana wathu Esinati anajambula pa foni yake amayiwo akuyeserera nyimbo zisanu kuseri kwa tchalitchi. Anaziika mu fulashi, kachipangizo konga chala kosungiramo nyimbo ndi zithunzi, n'kundipatsa. Foni ija inadzagwera m'chitsime, choncho mawu a mkazi wanga anatsala m'kanthu kameneka basi. Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkailowetsa mu wailesi n'kukhala pakhonde kumvetsera. Ndikamaliza ndinkangoisolola n'kuikulunga m'kansalu, ndipo wailesi sinadandaulepo.

Nthawi yomanga chiliza itakwana, ndinalonjeza alamu anga kuti tsiku lochivundukula adzamvanso mawu a mlongo wawo. Ndiye tsiku lina ndinapita ku Nsaru kukagula simenti, nditatenga fulashi ndi zithunzi zitatu za malemu. Ndinkafuna kuti a Lemani, amene ali ndi shopu yoikira anthu nyimbo, andiikire zithunzizo momwemo kuti zonse zikhale pamodzi.

Simenti ndinali nditaikweza kale pa matola. A Lemani anajambula zithunzi zija, nayamba kuzitumiza mu fulashi, kenaka anatuluka kukathandiza munthu wina pakhomo. Panja dalaivala anali kuliza hutala, kondakitala n'kumakuwa kuti, "Madala, simenti yanuyi ikafika yokha kumudzi!" Ndinayang'ana pa kompyuta, ndinaona kamzere kobiriwira kafika kumapeto. Kanyali ka fulashi kanali kakuphethirabe, koma sindinadziwe tanthauzo lake. Anthu amandidziwa kuti ndine wochedwa pa zonse, koma tsiku limenelo ndinafulumira. Ndinaizula monga ndimachitira pa wailesi, n'kuthamangira galimoto.

Lamulungu lotsatira wailesi inangoti zii. Ndinasintha mabatire, palibe. Ndinapita nayo fulashi kwa anansi kukayesa mu wailesi yawo, chimodzimodzi. Ndikuuzeni zoona, ndinafika pofunyulula kansalu kaja n'kukakutumula, ngati kuti nyimbo zinatayikiramo. Fulashi inali yosasweka, yosanyowa, yosapindika. Nanga mawu anatulukira pati?

Nditabwerera ku Nsaru, a Lemani anandilandira ndi phwete. "Aaa, madala, ndinu munazula? Ine ndimati fulashi yamera miyendo." Atailowetsa mu kompyuta, panabwera uthenga wa Chingerezi. "Ikuti tifomate, ikhala ngati yatsopano."

"Nanga nyimbo zija?"

"Musadandaule, za kwaya ndili nazo zambirimbiri. Ndikuikirani zina zokoma kuposa zimenezo."

Sindinawaimbe mlandu, pakuti sindinawauzepo kuti munali mawu a ndani. Dzanja lawo linali kale pa batani. Ine sindinkadziwa kuti kufomata n'chiyani, ndipo chifukwa chosadziwacho ndinati andibwezere, ndikaganize kaye.

Masiku otsatirawo anali olemetsa. Amisiri ankamanga chiliza, ine n'kumawatungira madzi mutu uli kwina. Alamu akandipeza ankati, "Tikuyembekezatu nyimbo zija, eti?" ndipo ine ndinkangogwedeza mutu. Esinati sindinamuuze. Ndinkayesa kukumbukira m'mene mayi ake ankakwezera mawu poyambitsa ndime, koma m'mutu munkabwera mawu a anthu ena. Popemphera ndinkasowa chopempha, chifukwa sindinkadziwa ngati chinthucho chafa kapena chikudwala chabe. Tsiku lina ndili m'chigafa ndinangoti, "Ambuye, kodi munthu amaferedwa mkazi mmodzi kawiri?"

Kutatsala sabata imodzi, ndinapita kusukulu ya sekondale yoyandikana nafe kuti Mayi Kachepa, amene amataipa mu ofesi, anditaipire ndondomeko ya mwambo. Atafika pa mzere wakuti anthu adzamvera nyimbo za malemu, ndinawapempha kuti audumphe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kufunsa chifukwa. Ndinafotokoza zonse, manyazi ali tho.

"Munafomata?"

"Iyayi, mayi. Ndinati ndikaganize kaye."

"Kuganiza kwanuko mwina n'kumene kwakupulumutsani. Kufomata n'kufufuta zonse zimene zilimo. Fulashiyo ili kuti? Khalani pansi."

Ndinali nayo m'thumba la jekete, pakuti sindinkasiyana nayo. Anailowetsa mu kompyuta, uthenga uja utabwera anaukana, n'kutsegula pulogalamu ina yofufuzira zinthu zotayika. Anandichenjeza kuti sakulonjeza kanthu. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka ana ataweruka, ndikuyang'ana manambala akuyenda osamvetsa chilichonse. Ndinawafunsa kuti bwanji pa wailesi ndakhala ndikuizula zaka zonsezi osaononga kanthu.

"Wailesi imangowerenga, bambo, pomwe kompyuta inali ikulembamo," anatero. "Inu mukamadinda belo la fodya, mumamasula jeke musanasoke chiguduli?"

Ndinati ayi, fodya angafwamphuke.

"Ndiye mwamasula jeke musanasoke. Fodya alimo, koma wamwazika."

Cha m'ma thili koloko anadina penapake, ndipo mu ofesi muja munamveka mawu a Nabanda akuyambitsa nyimbo. Ndinavula chipewa n'kugwada pa simenti pomwepo, Mayi Kachepa n'kutuluka panja kuti ndikhale ndekha.

Nyimbo zinayi zinapezeka zathunthu. Yachisanu inaduka pakati, ndipo mbali yotsalayo sinapezekenso. Mayiwo anasunga zonse mu kompyuta yawo, n'kuziikanso mu fulashi ina kuti zisamakhale malo amodzi. Potsiriza anandigwiritsa dzanja kuti ndiitulutse ndekha. Anati ndiyambe ndatseka zonse zimene zatsegulidwa, kenaka ndidine kachizindikiro ka fulashi kali m'munsi chakumanja, ndisankhe kuitulutsa, ndipo ndidikire uthenga wondilola. Ikakana, ndiye kuti ikugwirabe ntchito, ndisalimbane nayo. Ndinadikira mpaka uthengawo unabwera. Ndiko kutsanzika kwake kumeneko, ndipo sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Tsiku la chiliza tinaika wailesi pa mpando pafupi ndi manda. Alamu anga aakulu atamva ndime yoyamba anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Ndi yemweyo." Ine mtima unali m'mwamba chifukwa cha nyimbo yachisanu, poti sindinauze aliyense za kuduka kwake. Inayamba bwinobwino, kenaka pakati pa ndime yachiwiri inangoti du. Anthu anayang'anana, ine ndinawerama. Pamenepo mayi wina wa m'kwaya anaitola pa liwu lomwelo pamene a Nabanda anasiyira, anzake n'kulandira, ndipo anaimaliza yonse mpaka Ameni.

Mpaka lero sindimvetsa m'mene mawu a munthu amakhalira m'kanthu kochepa chotere, kapena m'mene amabwererera atasowa. Sindimvetsanso chifukwa chimene Mulungu anabwezera nyimbo zinayi ndi theka, osati zisanu. Chimene ndikudziwa n'chakuti anagwira dzanja langa pa shopu paja ndisanavomere chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo ananditumiza kwa munthu amene ndinkangofuna kuti anditaipire pepala. Ndikuthokoza Iye, ndikuthokozanso Mayi Kachepa ndi amayi a m'kwaya.

Inu amene mwasokonezeka ndi chimene chakugwerani, musafulumire kufufuta chimene chikuoneka ngati chafa. Pempherani ngakhale musakudziwa chopempha, ndipo fotokozerani wina vuto lanu. Hutala ikalira panja, isiyeni ilire. Simenti ija ikanandidikira. Ambuye akusungeni nonse.