Makumba Enieni a Bambo Narciso Nakoma

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Bambo Narciso Simão Nakoma, anabadwa pa 9 Juni 1957 m'mudzi uno, dera la Majaua. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri a Bambo Simão Nakoma ndi Mayi Belinha. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Basílio, mng'ono wawo.

Sukulu anayamba mu 1965 ku mishoni, nalekezera kalasi yachinayi. Sikuti nzeru zinawachepera ayi, koma njira ya kusukulu inkadutsa pamtsinje, ndipo masiku ambiri mtsinjewo ndiwo unkapambana.

Pa 22 Ogasiti 1981 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Serafina. Mu 1986 nkhondo itafika povuta, banja linawoloka malire n'kukakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Muloza. Kumeneko ndi kumene anaona koyamba munthu akuweta nsomba ngati nkhuku, akuzithira madeya m'dziwe lokumba ndi makasu. Atabwerera kuno mu 1993, anzawo akuthamangira kuumba njerwa, iwo anayamba ndi kukumba dziwe kudambo. Alamu athuwa, Mayi Serafina, ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi nsomba.

M'dziwemo anaikamo makumba a m'mitsinje yathu yomwe ino. Pofika 2010 anali ndi maiwe atatu, ndipo aliyense wofuna kuyamba ulimiwu ankadzatenga mbewu kwa iwo, podziwa kuti ya a Nakoma sigwiritsa mwala.

Pamaliro sitinena zolakwa za munthu, koma ichi anatilamula okha kuti tisachibise. Mu 2014 wamalonda wina anabwera ndi tiana ta nsomba zachilendo zokula msanga. Malemu anakopeka natiika m'dziwe la kumtunda. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anagumula dziwelo, nsomba zachilendo n'kusakanikirana ndi makumba, n'kuswana. Tiana take poyang'ana tinali makumba ndithu, ndipo malemu anagawira mabanja khumi ndi limodzi osadziwa kuti ndi haibulidi, nsomba zosakanizika mtundu. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuzizira kwa mu Juni 2016 kutafika, nsomba zija zinayandama m'maiwe a anthu, mimba m'mwamba. Palibe anawatukwana, koma anachita manyazi aakulu moti kwa miyezi itatu ankakhala benchi yakumbuyo kutchalitchi, munthu wokonda kutsogolera nyimbo. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mbewu ya makumba enieni ikutha m'maiwe a dera lino, ndipo woithetsa ndi iwo.

Chaka chomwecho anakumba dziwe lachinayi pamalo okwera, n'kuyamba kusankha nsomba imodziimodzi. Ankaigoneka pachiguduli chonyowa n'kuwerenga minga ya chipsepse chapansi, chakufupi ndi mchira. Makumba enieni ali ndi minga inayi, zachilendo zija itatu. Akatero ankatambasula mchira padzuwa. Ukaoneka ndi mizere yodutsa, ngakhale yozimiririka, nsombayo inkapita kupoto. Haibulidi ina ndi yochenjera, minga inayi koma mchira wamizere, n'chifukwa chake ankayang'ana zonse ziwiri. Anadziikira lamulo lakuti sadzapatsanso munthu mbewu kufikira dziwelo litaswa zaka zitatu zotsatizana popanda nsomba yosakanizika. Kawiri konse anafika chaka chachiwiri, n'kupezamo imodzi, n'kuyambiranso. Ife tinkawauza kuti nsomba ndi nsomba, m'poto zonse n'chimodzimodzi. Iwo ankangotiyang'ana ngati anthu osabatizidwa.

Mu 2021 matenda a shuga anayamba kuwawononga maso. Minga ankawerengabe ndi chala, koma mizere sankaionanso. Apa ndi pamene Mayi Serafina anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'matope kukathandiza mkazi mnzawo uja. Bambo ankagwira minga, mayi n'kuona mchira, ndipo akamatsutsana za nsomba imodzi mawu ankamveka mpaka kumsewu. Mu 2023 dziwe linapezeka loyera. Mu 2024 chimodzimodzi.

Pa 2 Novembala chaka chino anagonekedwa m'chipatala ku Milange, mwendo utatupa. Tsiku lokoka ukonde kuti aone ngati dziwe layeranso chaka chachitatu linali Lolemba pa 10, ndipo malemu anakana kuti mayi akhale pambali pa bedi, anawathamangitsa kuti apite kudziwe. Mayi Serafina, mwana wawo Nelsa ndi alimi anzawo anagwira nsomba iliyonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Yamizere sinapezeke, ya minga itatu sinapezeke. Lachiwiri mayi anakwera minibasi kukawauza. Malemu anafunsa kawiri ngati michira anaionadi padzuwa osati pamthunzi. Atamva kuti inde anaseka, misozi ikutsika, n'kutchula mabanja khumi ndi limodzi aja osaphonya ndi limodzi lomwe. Anatisiya Lachinayi pa 13 Novembala 2025, ali ndi zaka 68.

Asiya mkazi wawo Mayi Serafina, ana asanu, Dércio, Nelsa, Gerson, Paula ndi Fabião, komanso zidzukulu khumi ndi zinayi. Mwa obadwa nawo tatsala awiri, ine ndi Mayi Josefina ali apowa.

Abanja tikuthokoza mafumu, a Padiri ndi akwaya, anamwino amene anawasamalira, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, amayi amene ali pamoto kuyambira dzulo, ndi abale amene mwawoloka kuchokera ku Muloza ndi ena ochokera ku Molumbo. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Tili ndi chisoni, koma tilinso ndi uthenga umene anatituma. Inu mabanja khumi ndi limodzi, mukudzidziwa. Tikatha kusesa Loweruka likubwerali, mubwere ndi zidebe kudziwe la pamalo okwera, Mayi Serafina akakupatseni mbewu ya makumba enieni.

Achimwene, manyazi aja atha. Ambuye akulandireni, muuse mumtendere.