Mpira Wotsekeredwa M'kabati

Pamzere wa kuchipatala, mayi wina atafumbata kabuku ka mwana wake wamkazi anafunsidwa ndi bambo wachikulire amene anaima pambuyo pake.

"Mwana akudwala chiyani, mayi?"

"Mayeso, bambo. Sakudya, tulo sakupeza. Adokotala akuti ndi nkhawa."

"Muzimulola apumeko, azicheza ndi anzake."

"Anzakewo ndinawathamangitsa ndekha ndi tsache. Ndinkati akumusokoneza."

"Nanga masewera? Thupi likatuluka thukuta, mtima umapepuka."

"Ankakonda mpira wamanja. Ndinautsekera m'kabati chaka chatha kuti aziwerenga."

"Kamubwezereni lero lomwe!"

Mayiyo anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndinamubwezera dzulo, bambo. Anangouyang'ana ngati sakuudziwa, n'kundifunsa kuti, 'Amayi, kodi zimenezi zibwera pamayeso?'"