Disiki Inayo Ili Pabwino

Mwini situdiyo yojambula zithunzi anali munthu wosauzidwa. Seva yake, kompyuta yaikulu yosungiramo zithunzi, inali ndi madisiki awiri osunga zinthu zofanana, ndipo poti mlamu wake amabwera kudzaikamo pulogalamu yoti seva imodziyo izigwira ntchito ngati makompyuta angapo, dzulo lake mwini situdiyoyo anazula disiki imodzi mwakachetechete n'kuibisa m'dirowa. Ankafuna kupulumutsa zithunzi za ukwati zomwe eni ake anali asanatenge, koma makamaka ankafuna kuonetsa mlamuyo kuti nzeru si za kusukulu zokha.

"Alamu, makinawa akufunsa," anatero mlamuyo, chala chili m'mwamba.

"Akufunsa ngati tadzuka bwino?"

"Ayi. Akuti akaika pulogalamuyi afufuta zonse."

"Ndiye ndiwagwadire? Dinani."

"Muli zithunzi za ukwati uja. Mayi a mkwatibwi akubwera masana ano."

"Mwachita bwino kundikumbutsa. Ine ndimayesa ndinajambula maliro."

"Unali ukwati, alamu. Ndinaona keke."

Mwini situdiyo anayang'ana kudenga, kumene anthu oleza mtima amayang'ana.

"Bwanji tikopere kaye pena?" anafunsa mlamuyo.

"Tikhale pano mpaka imvi? Madisiki ndi angati?"

"Awiri. Munati pulogalamu ilowe pa onse awiri."

"Ali ndi zofanana?"

"Ndendende. Chimene yachita iyi, inayo imachitanso. Mukafufuta kuno, uko kwafufutika."

"Eee, fizi ija sinapite pachabe. Koma ine ndikukuuzani kuti disiki inayo ili pabwino."

Mlamuyo anawerama n'kusuzumira kutsogolo kwa seva, kumene timagetsi tobiriwira tinkaphethira.

"Ili pabwinodi," anavomera.

"Basitu, tagwirizana. Dinani."

"Komatu kukhala pabwino sikuletsa kufufutika."

"Alamu, munthu akakhala pabwino moto umamupeza?"

"Zimatengera komwe motowo wayambira."

"Achemwali anu anandiuza kuti ndinu katswiri. Sananene kuti ndinunso ozimitsa moto."

"Ayi, kumeneko sindinagwireko."

Mlamuyo anadina. Makinawo anafunsanso ngati anthuwa akutsimikizadi.

"Akufunsa kachiwiri, alamu."

"Makina amantha ngati owaika. Tapatukani."

Mwini situdiyo anamukankha ndi chigongono n'kudina yekha, mwamphamvu, ngati akupha nyerere. Kamzere kanayenda pa sikirini mpaka kumapeto.

"Zapita," anatero mlamuyo motsitsa mawu. Chisoni chinamugwira ndithu.

"Kalanga ine, tatha," anatero mwini situdiyo atagwira kumutu, mano onse ali pamtunda. "Tsopano khalani pansi muphunzire momwe akuluakulu amachitira."

Anayenda monyang'wa mpaka pa tebulo lake n'kukoka dirowa. Munali mabatire akufa, chivindikiro cha kamera, ndi sikuludiraiva. Analikoka lonse n'kulikhuthulira pansi.

"Mwataya chiyani, alamu?"

"Munali kanthu muno."

"Disiki ija? Musadandaule, sinabedwe. Ndinaipeza m'mawa ndikufuna sikuludiraiva, inu muli kogula mapepala. Ndinaibwezera m'malo mwake."

"Munaibwezera kuti?"

"Mu seva. Munati onse awiri, koma munali imodzi yokha. Ndinadikiranso kuti ifanane bwinobwino ndi inzake."

"Osandiuza?"

"Ndimayesa mukudziwa. Munati ili pabwino, ine ndinayang'ana, ndinaona kuti mukunena zoona."

Mwini situdiyo anakhala pansi penipeni, pakati pa mabatire aja. Nthawi yomweyo chitseko chakutsogolo chinalira, ndipo kunamveka mawu a mayi a mkwatibwi aja akuodira mosangalala, atanyamula chimbale chachikulu choikamo zithunzi.

Mlamuyo anadzuka n'kukonza kolala.

"Khalani mupume, alamu, ndikawalandira ndine. Ndikawauze kuti zithunzi zawo zili pabwino?"